Zala Zitatu pa Mjigo wa aNankhoma

A Nedson anamulola mwana wawo Tiyamike kupita ku msasa wa masikawuti ndi mawu ochepa chabe, ndipo anawanena osadzutsa mutu pa fodya amene ankasankha m'chigafa.

"Upite. Koma ndikangomva kuti kwabuka mlandu kumeneko, kansalu kali m'khosiko udzavulire pompano. Zausikawutizo zidzathere pomwepo."

Musawayese munthu wankhanza a Nedson, ayi. Anali tenanti. Anachoka kwawo ku Thyolo ndi banja lonse kudzalima fodya pa esiteti ina cha kwa Dzoole, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri za utenanti zinawaphunzitsa kuti munthu wobwera akafuna mtendere amatseka pakamwa. Kapitawo akalankhula iwo ankangoti inde bwana, ngakhale kapitawoyo akunama dzuwa likuswa mtengo. Mwana wawo anatengera zomwezo, n'kuwonjezerapo zake. Anabwerera kusukulu chaka chimene pulayimale inakhala yaulere, ndiye anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu pakati pa tiana ta Sitandade 6. Akangotsegula pakamwa anzake ankamuyeseza kalankhulidwe ka ku Thyolo, mpaka iye anangoleka kulankhulako. Anamupatsa dzina loti Nachete, ndipo dzinalo linamukhala.

Koma kansalu kaja ankakakonda koopsa. Ankakachapa yekha, n'kukayala pansi pa mphasa kuti kawongoke. Pa zinthu zonse za pasukulu, ndi ku sikawuti kokha kumene manja ake ankamulankhulira, poti pomanga mfundo za zingwe panalibe womuposa.

Gululi analiyambitsa ndi aphunzitsi a Kalisto Mwale. Iwowa anali sikawuti ali mwana, usikawuti usanazilale m'dziko muno, ndipo matipate atabwera anakafukula kabuku kawo ka usikawuti kodyeka ndi njenjete pansi pa sutikesi, n'kuyamba kuphunzitsa ana. Anali munthu wosamala. Pogula nsalu ya m'khosi anazungulira msika wonse wa Mponela kufuna mtundu umene panalibe chipani chimene chinautenga, mpaka anapeza yofiirira ngati dothi la katondo. Malaya a khaki anatolera pa kaunjika. Pamenepa mpamene kusamala kwawo kunathera, koma iwo sanadziwe.

Lachisanu masana, mwezi wa June, lole ya pa esiteti inawatula m'munsi mwa phiri lina cha ku Kasakula, ana khumi ndi asanu, a Kalisto, ndi mayi Veronika, mphunzitsi woyang'anira atsikana. Malowo anapempha kwa ahedi a sukulu ya pafupi, koma ahediwo anathamangira maliro kwawo asanauze munthu aliyense m'mudzi. Mphepo ya ku Ntchisi inawalonjera bwino lomwe, milomo kuchita kuuma.

A Kalisto anagawa anawo m'magulu atatu, gulu lililonse n'kumanga tenti yake ya malona. Gulu la Nkhwali linali ndi ana asanu, ndipo aliyense ankadziwa kuti mtsogoleri akhala Frank, mwana wa kalaliki wa pa esiteti, mnyamata wa pakamwa pothwa amene kabuku kaja anakaloweza konse. Frank anali atatukula kale chifuwa. A Kalisto anamudutsa, n'kukakoleka wezulo wa mtsogoleri m'khosi mwa Tiyamike. Anati tenti ya Nkhwali ndiyo yokha imene siikugwedezeka ndi mphepo, ndipo iwo anaona amene anamanga zingwe zake.

Ana anaseka. Frank anafunsa ngati Nachete azilamula ndi maso. Tiyamike anachita manyazi ndi mantha pamodzi, ndipo madzulo ake anakapempha mayi Veronika chamunong'onong'o kuti wezulowo apatse wina. Mayi Veronika anangomusisita paphewa n'kumuuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Anamuuzanso kuti akakumana ndi vuto aimbe wezulo katatu, iwo amva.

Loweruka m'mawa a Kalisto anatenga magulu awiri kukwera phiri kukaphunzira kutsata zizindikiro. A Nkhwali anawapatsa ntchito yotunga madzi ku mjigo wa m'mudzi, kuseri kwa kachitunda. Mayi Veronika anatsala pa msasa akusankha nyemba.

Ali m'njira Frank anati masikawuti sayenda ngati mbuzi, aime pamzere azigubira limodzi. Tiyamike sanazikonde. Mumtima mwake munamveka kuti kwa eni ake salowa choncho, amalowa ndi zikomo. Anatsegula pakamwa, anakumbukira kuseka kwa dzulo, n'kutsekanso. Ndiye anatulukira pa mjigo akuguba, lefiti raiti, lefiti raiti, zigubu zikugunda m'miyendo, Frank patsogolo, mtsogoleri weniweni kumapeto.

Pa mjigo panali amayi ngati khumi. Amene ankapopa anasiya chogwirira m'mwamba. Wina anakoka mwana wake n'kumubisa kumbuyo. Amene sanasunthe anali mmodzi, mayi wathupi, wa duku yakuda, aNankhoma, wapampando wa komiti ya mjigowo. Kiyi wa loko ankamumangirira pa ngodya ya chitenje, ndipo m'mudzimo ngakhale amuna ankawalankhula mosamala.

Frank anaona kuti wamkulu ndi ameneyu. Anaponda pansi mwamphamvu, di! Anaika zala zitatu pachipumi monga mwa sawatcha ya masikawuti. Kenaka anatambasulira mayi wamkuluyo dzanja lamanzere, monga kabuku kanenera, n'kufuula mawu amene ankawanena tsiku lililonse kusukulu.

"Khalani okonzeka!"

Aa, mwana uyu! Inu amene munabadwa pambuyo pake mungaseke, koma masiku amenewo zala sizinali zoseweretsa. Chala chimodzi chinali ndi chipani chake, zala ziwiri chipani chake, ngakhale kugwirana manja m'mwamba kunali ndi eni ake. Munthu ankatha kusiyidwa ndi matola chifukwa choimika galimoto ndi chala cholakwika. Tsono zitatuzi zinali za yani? Nanga khakiyo! Panali patangopita zaka zochepa chichokereni anyamata aja ovala khaki amene ankaima pa zipata za misika kufunsa makadi a chipani, ndipo mphekesera zinali m'midzi monse zoti anangobisala kutchire, tsiku lina adzabwera. Lero awa atulukira kuphiri akuguba, n'kuuza anthu kuti akhale okonzeka.

ANankhoma analiyang'ana dzanja lija ngati munthu waona nsikidzi pa mphasa ya alendo. Sanalilandire. Anamasula kiyi, anakulunga tcheni pa chogwirira, loko khethe. Anaitana kamtsikana kena n'kukauza kuti kathamangire kumadimba kakaitane amuna, abwere ndi makasu omwewo.

"Pano simutunga," anatero aNankhoma. "Ndipo musasunthe."

Chifuwa cha Frank chinaphwa nthawi yomweyo. Anabwerera cham'mbuyo n'kunong'oneza anzake kuti ataye zigubu athawe. Naomi, wamng'ono pa onse, anali atayamba kale kulira. Anyamata awiri enawo maso anali kunjira.

Tiyamike sanasunthe. Anaona bwinobwino mmene zithere. Akathawa, amuna aja awalondola mpaka kumsasa, matenti agwetsedwa, nkhani ifika kwa Dzoole iwo asanafike, ndipo kansalu kake kathera m'chigafa. Dzanja lake linapita lokha pa wezulo. Katatu basi, mayi Veronika abwera. Koma ataugwira anaona maso a amayi onse ali pa dzanja lakelo, ndipo mmodzi anali atanyamula kale mwana kuti athawe. Anazindikira kuti kwa anthu awa wezulo ndi woitanira ena obisala kuphiri. Anausiya, n'kuulowetsa m'kati mwa malaya.

"Khalani pansi," anatero.

Palibe anamva. Mawu ake anatuluka ngati a mwanapiye. Ananenanso, ulendo uno ndi mawu amene amayi ake ankaitanira ana kumtsinje ku Thyolo, kalankhulidwe kakwawo konse kali poyera.

"Frank, vula chipewa ukhale pansi. Nonse khalani pansi, miyendo mutambasule."

Kaya ndi mantha, kaya ndi kudabwa kuti Nachete ali ndi mawu, Frank anangoti khwithi pansi, m'matope momwemo. Enawo anatsatira. Tiyamike anayenda yekha mpaka pamaso pa aNankhoma, anagwada, anawomba m'manja mofatsa katatu, napereka moni wa mwana kwa kholo. Anati iwo ndi ana asukulu ochokera kwa Dzoole, abwera ndi aphunzitsi awo, agona kuseri kwa chitundacho, ndipo adzapempha madzi. Anati alakwa polowa m'mudzi mwa eni osaodira, ndipo wolakwa ndi iyeyo, chifukwa mtsogoleri ndi iye, anaona kuti sizili bwino koma anakhala chete.

ANankhoma sanafewe msanga. Anafunsa kuti chipani cha zala zitatu mtsogoleri wake ndani. Tiyamike anati si chipani, zalazo ndi malonjezo atatu amene sikawuti amalonjeza, ndipo anawerenga pa zala zake: kulemekeza Mulungu ndi dziko, kuthandiza anthu, kusunga malamulo a gulu. Anafunsa za makadi. Tiyamike anati alibe khadi ndipo safunsa munthu khadi. Anafunsa za dzanja. Tiyamike anati aphunzitsi amati lamanzere ndilo lili pafupi ndi mtima, n'chifukwa chake masikawuti amapatsana limenelo.

"Kuno kwathu limenelo ndi la kuchimbudzi," anatero aNankhoma.

"Kwathunso, amayi."

Mayi wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaphulika nako kuseka, n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Koma aNankhoma nkhope inali yomweyo. Anawerama pang'ono, n'kulankhula motsitsa, moti anamva bwino ndi Tiyamike yekha ndi amene anali pafupi. Anati iwo anyamata ovala chonchi anawabwezapo pa chipata cha msika, atayenda mtunda wonse kukagula mchere, chifukwa khadi anaiwala m'chitenje china. Wamkulu wa anyamatawo anali wocheperapo kwa mwana wawo woyamba, koma anawakhazika padzuwa, miyendo chotambasula, mpaka msika unatha. Nawonso ankaguba. Nawonso ankafuula.

"Ndiye undiuze bwino, mwana iwe. Mwati tikhale okonzeka. Tikonzekere chiyani?"

Apa Tiyamike kabuku sikanamuthandize, poti funso limeneli munalibe. Anayang'ana pansi. Anaona ndowa za amayi zili pamzere, zambiri zopanda madzi.

"Mawuwo si anu, amayi. Timadziuza tokha, kungoti mnzangayu wawaponyera kolakwika. Okonzeka ndife. Mukatituma, tipita."

ANankhoma anaimirira bwinobwino. Anayang'ana ana anayi aja ali chitambasulire miyendo padzuwa, zipewa m'manja, Frank kabudula atanyowa, Naomi mamina ali tolotolo. Zimene zinkayenda m'mutu mwawo sanauze munthu, koma anthu anaona kuti anapukusa mutu n'kupumira m'mwamba.

"Dzukani apo," anatero. "Ana a eni sakhala choncho pamaso panga."

Kenaka, poti aNankhoma sanali munthu wongokhulupirira za pakamwa, anati aone kukonzekako. A khaki amene iwo ankawadziwa sanatungirepo munthu madzi ngakhale a m'chikho. Anatsegula loko n'kuloza ndowa zonse khumi ndi ziwiri.

Tiyamike anagawa ntchito asanaganize n'komwe kuti akulamula. Anyamata awiri azipopa mosinthana, Naomi azitsuka ndowa ndi kulandira, iye ndi Frank azisenza kukatula m'makomo. Frank anati iye chibadwire sanasenzepo ndowa pamutu. Tiyamike anamuvula kansalu ka m'khosi, anakapinda nkhata, n'kumuika pamutu. Amayi anamusenzetsa akuseka, ndipo ulendo woyamba theka la madzi linathera pamsana pake.

Amuna aja anafika ali wefuwefu, asanu ndi mmodzi, makasu m'mwamba. Patsogolo panali a Petulo, mlamu wawo wa aNankhoma, akufunsa kuti ali kuti, alowera kuti. ANankhoma analoza Frank, amene ankabwera potero khosi lili gwa, ndowa ikumudonthera m'maso.

"Ndi amenewo asilikali anuwo. Tsitsani makasu mungaopseze antchito anga."

Pa mjigo panagwa phwete. A Petulo anakhala pa mwala kuti mpweya ubwerere, akudandaula kuti asiya madzi akusefukira m'bedi la tomato chifukwa cha tiana. Tiyamike anasenza ndowa ina. Mtima unakhala pansi, ndipo sanapume mpaka ndowa yomaliza.

Anabwerera kumsasa dzuwa lili pamutu, zigubu zodzaza, kumbuyo kwawo kukubwera ana a m'mudzi oposa makumi awiri ndi lichero la mbatata yootcha. Mayi Veronika anali atayamba kale kuda nkhawa. A Kalisto atatsika phiri n'kumva nkhaniyo anachita thukuta m'mphepo yonse ija. Anati iwo anasamala za mtundu wa nsalu n'kuiwala khaki, mutu wawo wa imviwu. Anavala jekete kubisa malaya awo n'kuthamangira kumudzi kukapepesa, koma aNankhoma anawauza kuti achedwa, mlandu anauzimitsa kale ndi mtsikana wa ku Thyolo uja. Anangowalangiza kuti ulendo wina azidzayamba aonekera kwa anthu, ndiponso kuti dzanja lawo lakumtimalo azipatsana okhaokha.

Madzulo a tsikulo Frank anabwera pamene Tiyamike ankakunga zingwe za tenti. Anaima kanthawi akukanda pansi ndi chala cha kuphazi, kenaka anafunsa kuti mawa a Nkhwali adzuke nthawi yanji. Sanamutchule Nachete. Tiyamike anamuuza nthawi, ndipo Frank anapita kukauza enawo.

Koma Lamulungu, lole itayamba kutsika mapiri, chimwemwe chonse chinamuthera. Mlandu unali utatha, inde, koma unabuka. Bambo ake sananene kuti mlandu ukakula kapena ukapanda kutha. Anati ukangobuka. Njira yonse anzake ankaimba, iye atagwira kansalu kake.

Dalaivala wa loleyo, a Obadiya, anali atagona masiku awiriwo kwa abale awo pa Kasakula, ndipo nkhani anaimva kumsika itakula kale. Munthu ameneyu m'kamwa mwake simunkagona nkhani. Atangokhota pa esiteti, injini asanazimitse, anatulutsa mutu pawindo n'kuyamba kuuza aliyense kuti ana awa anatsala pang'ono kuphedwa, mudzi wonse unawadzukira ndi makasu, mjigo unatsekedwa ndi loko.

A Nedson anali pakhomo pa chigafa, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Anamva zonsezo. Tiyamike anatsika, anapita pamene anaima, anagwada, ndipo osadikira kuuzidwa anayamba kumasula kansalu kaja. Misozi inali italengeza, koma sanafune kulira pagulu.

A Obadiya anali asanamalize. Anali atafika pa mtsikana amene anakhazika anyamata pansi ndi mawu amodzi, n'kugwada yekha pamaso pa mayi amene amuna a ku Kasakula amamuopa, n'kumuyankha funso lililonse mpaka loko anatseguka. Ana onse a m'lole ankavomereza, ndipo amene ankakuwa kwambiri kuti n'zoona anali Frank.

A Nedson anayang'ana dalaivala, anayang'ana mwana wawo. Anafunsa ngati akunena Tiyamike yemweyu. Kenaka anakhala pa belo la fodya n'kumuuza kuti afotokoze yekha, kuyambira pachiyambi, zimene ananena kwa mayiyo. Tiyamike anayamba, kansalu kali m'manja. Anafotokoza za kuguba, za zala, za dzanja. Bambo ake ankamvetsera kukamwa kuli pululu, ngati akumva munthu wachilendo.

Ali pakati, kapitawo anatulukira kuseri kwa chigafa akukuwa kuti Nedson, mabelo aja akudikira ndani. Tiyamike anadukiza nkhani, poti ankadziwa chotsatira: bambo ake adzuka msangamsanga, chipewa m'manja, inde bwana.

A Nedson sanadzuke.

"Taimani kaye, bwana. Mwana wanga akulankhula."

Kapitawo anaima modabwa, poti zaka zisanu ndi ziwiri anali asanamvepo mawu ena kwa munthu ameneyu. A Nedson anatembenukira kwa mwana wawo, analoza kansalu kaja ndi chala chakuda ndi fodya.

"Bwezera m'khosi kameneko, kangade. Tsono mayiyo atafunsa kuti tikonzekere chiyani, iwe unati bwanji?"